Ayisikilimu wopanga wekha: nkhani yagona mu firiza

Aliyense amene anayesapo kupanga ayisikilimu pakhomo amawadziwa mavuto awiri aja. Pena amatuluka wolimba gwaa mpaka supuni kupindika, pena amafewa ndithu koma ukaika mkamwa ukumva timiyala ta ayisi tikulira khwechekhweche pamano, kukoma kwa mkaka kuli kwina madzi ali kwina. Nde munthu amathamangira kusintha resipi, waonjezera kirimu, wachotsa mazira, wakagula vanila wodula uja, koma akatsegula kontena mawa lake zinthu ndi zomwe zija. Ine ndimaona kuti nthawi zambiri resipi timangoinamizira. Nkhani yagona pa kuzizira, kuti kwalowa mwachangu bwanji mu zomwe mwasakanizazo, komanso kuti kutalowa kukukhazikika kapena kukumangokwera nkumatsika. Mukamvetsa zimenezi olo mulibe makina mutha kupanga chinthu chosalala bwinobwino.

Tigwirizane kaye kuti ayisikilimu si mkaka woundana basi. Mkaka ukauika mu firiza wokhawokha umasanduka chibuma, palibe angaudye ndi supuni. Mu ayisikilimu muli zinthu zinayi zomwe zikukhalira limodzi, timiyala ta ayisi, tithovu ta mpweya, mafuta a mkaka, ndi madzi a shuga okhuthala amene sanaundane. Madzi omalizawa ambiri sitidziwa kuti alimo koma ndi amene amalola supuni kulowa. Madzi wamba amaundana pa 0°C, izi tinaphunzira ku pulayimale, koma ukasungunuliramo shuga amakana kuundana pa zero, amafuna kuzizira kopitirira apo. Zosakaniza za ayisikilimu zimayamba kugwira ayisi cha m'ma -2 mpaka -3°C. Ndipo chomwe chimaundana ndi madzi okha, shuga salowa mu ayisimo, amatsala kunja. Nde madzi ena akasanduka ayisi otsalawo amatsala ndi shuga yense uja, amatsekemera kwambiri kuposa poyamba, kuti nawonso aundane pakufunika kuzizira kwina koonjezera, ena akaundana otsala akhuthalanso, choncho choncho kumangotsika. Nchifukwa chake mu firiza ya pakhomo ayisikilimu saundana yense olo mumusiye mwezi.

Amene munakula mukuyamwa mafirizesi a malambe pageti ya sukulu izi munaziona ndi maso anu. Umaluma kakona ka pepala nkuyamba kuyamwa, kutsekemera konse ndi mtundu wake zimabwera mkamwa koyambirira, pomaliza umatsala ndi kachibuma koyera mbee kopanda kukoma kulikonse. Chomwe unayamwa chija ndi madzi a shuga amene anali asanaundane, anangobisala m'timipata ta ayisi, ndipo choyeracho ndi madzi enieni amene anaundana paokha atasiya shuga kunja.

Manambala ake ali chonchi. Pa -5 kapena -6°C pafupifupi theka la madzi onse ndi lomwe laundana, apa ndi pomwe amakhala wofewa uja wa pamakina amene amachita kukuthirirani mu koni. Pa -18°C, pomwe mafiriza ambiri a pakhomo amachunidwa, madzi oundana amafika magawo atatu mwa anayi kapena kupitirirako pang'ono, nde apa supuni imavutika. Kumashopu komwe amakutapirani ndi chisupuni chozungulira chija mafiriji awo amakhala cha m'ma -12 mpaka -14°C. Chinthu chomwecho, resipi yomweyo, chitha kukhala chamadzimadzi, chitha kukhala bwino, chitha kulimba gwa, kungotengera madigiri ochepa chabe. Ndiye ayisikilimu wanu akalimba kwambiri musafulumire kunena kuti zakanika, mwina mukungomudya ali pa kuzizira kosungira osati kodyera.

Koma kulimba ndi vuto laling'ono, lalikulu ndi timiyala tija, ndipo apa ndi pamene pali phata la nkhani yonseyi. Makontena awiri a resipi imodzi akakhala pa -18°C kuchuluka kwa ayisi mkati mwake kumakhala kofanana ndendende. Kusiyana kuli poti mu imodzi ayisiyo wagawika mu timiyala tambirimbiri tosaoneka ndi maso, pomwe mu inayo wagawika mu miyala yochepa koma ikuluikulu. Akatswiri a zakudya amayeza timiyalati mu ma micron, micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ndipo tikadutsa ma micron 50 kapena chapompo lilime limayamba kutimva. Tikakhala tochepera apo lilime limangomva kusalala basi. Tsono timiyala tatsopano timabadwa nthawi imene zosakaniza zikuyamba kumene kuundana, makamaka zikakhudza chitsulo chozizira kwambiri uku zikutakasidwa. Nthawi imeneyo ikadutsa sipabadwanso tina ayi, madzi onse amene aziundana pambuyo pake amangokamatira pa timiyala tomwe tilipo kale nkumatikulitsa. Tikabadwa tambiri koyambirira kalikonse kamalandira madzi pang'ono nkukhalabe kakang'ono. Tikabadwa tochepa kalikonse kamanenepa mpaka lilime likamve.

Nchifukwa chake ku fakitale sachedwa nazo. Zosakaniza zimadutsa mu chimpaipi chachitsulo chomwe khoma lake laziziritsidwa kufika cha m'ma -25 kapena -30°C, mkati muli mipeni yozungulira ikupala ayisi amene wagwira kukhomako nkumamubwezera pakati uku mpweya ukulowetsedwa, ndipo pakangotha mphindi imodzi kapena ziwiri ayisikilimu watuluka kale ali pa -5 kapena -6. Akamupakira samusiya kuti azilimba pang'onopang'ono, amamulowetsa mu chipinda cha -30 mpaka -40°C chomwe mafani ake akupemerera mphepo mwamphamvu kuti alimbe timiyala tisanapeze mpata wokula. Nzeru yoti kuundanitsa mwachangu kumasunga chakudya bwino anaitchukitsa ndi Clarence Birdseye wa ku America. Ali ku Labrador, komwe lero ndi mbali ya Canada, m'zaka za m'ma 1910 anaona kuti nsomba zomwe anthu a mtundu wa Inuit ankawedza kukuzizira koopsa zinkaundana nthawi yomweyo zikangotuluka m'madzi, ndipo ukadzazisungunula pambuyo pake zinkakoma ngati zogwidwa kumene. Chifukwa chake ndi chomwechi, timiyala ting'onoting'ono siting'amba mnofu wa nsomba.

Tsono firiza ya pakhomo sinapangidwire changu, ntchito yake yeniyeni ndi kusunga zomwe zaundana kale. Mkati mwake muli mpweya, ndipo mpweya umachedwa kwambiri kukoka kutentha. Kuonjezera apo kusandutsa madzi kukhala ayisi ndi chintchito chachikulu kuposa mmene timaganizira. Kuti galamu imodzi ya madzi amene afika kale pa zero iundane pamafunika kuchotsamo ma joule 334, omwe ndi ofanana ndi moto umene ungatenthetse madzi omwewo kuchoka pa 0 kufika pa 80°C. Ndiye taganizani munthu wathira malita awiri mu chikontena chakuya cha pulasitiki, wavindikira, waika pamwamba pa nkhuku ndi nyama, wakagona. M'mbali mugwira msanga koma pakati papita maola ambirimbiri pasanalimbe, ndipo maola onsewo timiyala tikungokula popanda wotisokoneza. Mawa lake ndi wa khwechekhweche uja.

Musanayambe chilichonse kayang'aneni kaye firiji yanu. Pa chitseko cha kafiriza kapena pa sitika ya mkati pamakhala tinyenyezi, ndipo si zokongoletsa. Nyenyezi imodzi ndiye kuti mmenemo mumafika -6°C basi, ziwiri -12°C, zitatu -18°C, zinayi ndi -18 yomweyo koma ili ndi mphamvu youndanitsa chakudya chomwe mwangoikamo kumene. Tifiriji ta chitseko chimodzi tija tokhala ndi kabokosi pamwamba nthawi zambiri timakhala ta nyenyezi imodzi kapena ziwiri, ayisi wa madzi akumwa timapanga bwino chifukwa amangofuna zero, koma ayisikilimu pa -6 salimba, angokhala wofewa mpaka kalekale uku timiyala tikukula. Manambala a pa kachozunguza kaja, 1 mpaka 5 kapena 7, si madigiri ayi, akungonena kuti kompuresa izilimbikira bwanji. Kuti mudziwe zoona gulani kathemomita ka mu firiji, mukaike pakati pa zinthu usiku wonse nkukaona m'mawa anthu asanayambe kutsegulatsegula.

Pali chinanso chomwe ogula firiji za kaunjika zochokera ku Ulaya sachiona. Pa sitika yomweyo pamalembedwa climate class, malembo ngati N, ST kapena T. Ya N inapangidwa kuti izigwira bwino ntchito m'nyumba mukamatentha osapitirira 32°C, ya ST mpaka 38, ya T mpaka 43. Nde firiji ya N yomwe imachita bwino ku Manchester ukaiika mu khitchini ya malata ku Nsanje kapena ku Chikwawa mu Okutobala, komwe kunja kokha kumafika 40, kompuresa ingolira tsiku lonse koma -18 osamufika. Ngati yanu ndi yotero pangani ayisikilimu usiku kunja kukazizirako, ndipo isunthireni kutali ndi mbaula, kumbuyo kwake musiye mpata kuti mphepo izidutsa.

Mukadziwa kuti firiza ikufika -18, chotsatira ndi kuichepetsera ntchito. Zosakaniza zanu zisalowe mu firiza zisanazizire. Ngati ndi za kasitadi wa mazira phikani pamoto wochepa mukutakasa mpaka zifike cha m'ma 82 mpaka 84°C, pomwe zimayamba kumata kumbuyo kwa supuni moti ukadutsitsa chala mzere umatsala, zisawire chifukwa mazira apanga zibuma. Kenako potoyo muike mu beseni la madzi ozizira, zikazizira zigone mu firiji pa 4°C usiku wonse, kapena maola anayi ngati muli pachangu. Kugonekaku kuli ndi chifukwa, mafuta a mkaka amafuna nthawi kuti alimbeko pang'ono, akatero mpamene amatha kugwira tithovu ta mpweya mukamapukusa. Nthawi yomweyo thireyi yachitsulo yophikira keke ija iikeni mu firiza ilibe kanthu, pamalo pozizira kwambiri, ndipo ngati firiza yanu ili ndi batani la fast freeze lidinireni maola angapo musanayambe.

Pothira musadzaze. Kuya kwake kukhale chala chimodzi kapena ziwiri zogona, chitsulo chimakoka kutentha msanga kuposa pulasitiki ndipo zosaya zimaundana msanga kuposa zakuya. Pakatha theka la ola mukatsegula mudzapeza m'mbali mwagwira, mwayererako, mukakanda ndi foloko zikumatuka timapalepale, koma pakati pakadali madzi. Palani zonse za m'mbali ndi za pansi mubweretse pakati, pukusani mwamphamvu mpaka zisakanikirane, mubwezere msanga. Ndi chimodzimodzi phala, ukalisiya osatakasa nthawi imene likuyamba kugwira limachita mibulu, ndipo pambuyo pake olo utakase bwanji mibuluyo siyitha. Bwerezani theka la ola lililonse mpaka zikhuthale zoti foloko ikuima yokha, apo nde mwafika pa -5 kapena -6 paja, tsopano pakirani mu timakontena ting'onoting'ono tomwe munatiziziritsa kale nkukaika kumbuyo kwenikweni. Chitseko musachisiye chotsegula pamene mukupukusa, tulutsani thireyi, tsekani.

Koma ine njira imene ndimaikonda kwambiri, imene ndimaona kuti imatiyenera ife amene magetsi athu amapita nkumabwera, ndi ya ayisi ndi mchere. Anthu amaiona ngati yachikale koma pa changu imaisiya kutali firiza ya pakhomo. Ukathira mchere pa ayisi, ayisiyo amakakamizika kusungunuka olo kuzizira kuli pansi pa zero, ndipo kusungunuka kumadya kutentha kofanana ndi komwe kunachoka poundana, ma joule 334 aja pa galamu, nde kutenthako amakulanda kwa chilichonse chomwe chili pafupi. Madzi amchere amene amapangikawo amatsika mpaka -10, -15, ndipo malire ake ndi -21°C, pamene mchere uli pafupifupi magawo 23 pa 100 aliwonse. Chachikulu nchakuti ndi madzi osati mpweya. Madzi amakhudza chitini paliponse ndipo amakoka kutentha mwachangu kwambiri, moti madzi amchere a -12 amaundanitsa msanga kuposa mpweya wa -18.

Nzeru imeneyi ndi yakale, firiji kunalibe nkomwe. Giambattista della Porta wa ku Naples analemba mu 1589 za kuundanitsa vinyo pogwiritsa ntchito chipale chosakaniza ndi mchere wa saltpetre, ndipo ku India ayisikilimu wawo wotchedwa kulfi ankamuundanitsa mu timakoni tachitsulo tomizidwa mu ayisi ndi mchere, mpaka pano ogulitsa ena a m'misewu amatero mu mitsuko yadothi. Mu 1843 mayi wa ku Philadelphia, Nancy Johnson, analembetsa ku boma kuti ndi iye watulukira makina opukusa ndi dzanja, ndowa ya ayisi ndi mchere kunja, chitini mkati, ndi chogwirira chomwe chimazunguza timikono topala m'mbali. Makina a ku fakitale ndanena aja ndi omwewa, angosintha choziziritsira ndi liwiro.

Pakhomo mungofuna ndowa, chitini kapena kapoto kachitsulo kotsekeka bwino, ayisi, ndi mchere wa mibulu uja wotchipa wa pamsika. Ayisi mumukulunge mu chiguduli nkumuswa ndi hamala kapena munsi mpaka akhale tizidutswa ting'onoting'ono. Yalani ayisi, wazani mchere, ayisi, mchere, mpaka kufika m'khosi mwa chitini. Tikamayeza pa sikelo, gawo limodzi la mchere pa magawo atatu a ayisi ndi pamene mumayandikira -21 uja, koma olo limodzi pa magawo 6 zimatheka bwinobwino. Chitini chidzaze theka lokha. Muzichizunguza, pakapita mphindi zingapo pukutani chivindikiro kuti mchere usagwere mkati, tsegulani, palani m'mbali ndi mthiko, tsekani, pitirizani. Mudzaona kunja kwa ndowa kwachita mame kenako kwayera ndi ayisi, ndipo mkati zikuyamba kulemera pa mthiko. Lita imodzi imatha kukhuthala pa mphindi 20 kapena 30. Madzi amchere aja musawataye msanga poganiza kuti atha ntchito, ndi amene akugwira ntchitoyo. Ndipo chonde ana asamaviike manja mmenemo, madzi a -15 amapsereza khungu, inunso gwirani chitinicho ndi kansalu kapena magulovu.

Tikamakamba zoika zotentha mu firiza pamapezeka wina wobweretsa nkhani ya Mpemba, nde tiikhudze chifukwa ndi ya kwa aneba athu ndipo inayambira pa ayisikilimu penipeni. Mu 1963 Erasto Mpemba anali mwana wa sukulu ku Magamba Secondary School ku Tanzania. Ana pasukulupo ankapanga ayisikilimu wa mkaka wowiritsa ndi shuga, ndipo tsiku lina poopa kuti malo mu firiji atha anaika wake akadali wotentha, nkudabwa kuona kuti waundana msanga kuposa wa mnzake amene anaika wozizira. Atafunsa aphunzitsi anamuseka. Atapita ku Mkwawa High School ku Iringa anafunsa funso lomwelo kwa a Denis Osborne a ku University College ya ku Dar es Salaam amene anabwera kudzayankhula pasukulupo, iwo sanamunyoze, anakayesa, ndipo mu 1969 awiriwa anatulutsa limodzi zomwe anapeza mu magazini ya Physics Education. Mpaka lero asayansi amakanganabe, mu 2016 Henry Burridge ndi Paul Linden ku Britain anayesa mosamala nkunena kuti sanapeze umboni woti madzi otentha amazizira msanga kuposa ozizira. Chimodzi mwa zomwe anthu amaganiza nchakuti kapu yotentha imasungunula ayisi woyera wa pansi pake nkukhudza chitsulo bwinobwino, pomwe yozizira imangokhala pamwamba pa ayisiyo amene amatchinga kuzizira. Ine mnyamata ameneyo ndimamupatsa ulemu waukulu chifukwa sanasiye funso lake anthu akumuseka. Koma mu khitchini musatengere, poto wotentha mu firiza afunditsa zonse zili pafupi, kuphatikizapo ayisikilimu wa dzana amene munamuvutikira.

Resipi ili ndi mbali yake ndithu, koma mbali yakeyo ikukhudzanso kuzizira komweku. Shuga wa mu ayisikilimu nthawi zambiri amakhala magalamu 140 mpaka 160 pa kilogalamu ya zosakaniza. Ambiri amati ine sindikonda zotsekemera nkudula theka, mapeto ake madzi ambiri amaundana ndipo pa -18 supuni siyilowa. Ena amachulutsa, nde salimba olo pang'ono. Uchi umathandiza apa, shuga wa mu uchi ndi glucose ndi fructose, tizidutswa take ndi pafupifupi theka la ta shuga wa nzimbe, ndiye galamu iliyonse imatsitsa poundanira pafupifupi kawiri. Kuchotsa masupuni awiri kapena atatu a shuga nkuikapo uchi kumafewetsa mooneka. Mkaka wa ufa nawo ndi wabwino chifukwa umaonjezera thupi osaonjezera madzi, paja mkaka wa ng'ombe magawo 87 pa 100 ndi madzi, koma osachulutsa, shuga wake wachilengedwe wotchedwa lactose akachuluka amapanga timchenga take tomwe ndi toipa kuposa ayisi chifukwa sitisungunuka msanga palilime. Njira yotchuka ija ya kirimu wopukusa ndi mkaka wa kondensi imatheka osatakasa chifukwa cha zomwezi, madzi ndi ochepa, shuga ndi wambiri, mpweya walowa kale, nde timiyala tilibe poti tikulire.

Zipatso samalani nazo. Masitiroberi a ku Zomba ndi okoma koma magawo 90 pa 100 ndi madzi, ukangowaduladula nkuponya mmenemo amasanduka timiyala tofiira toswa mano. Awazeni shuga agone maola angapo, kapena muwaphike pang'ono kuti madzi achepe shuga alowe mkati. Mango muchite kuwapera asalale. Nthochi zakupsa ndi mapeyala sizivuta. Malambe ndiye amandisangalatsa kwambiri, ndi ufa wouma kale ndiye sabweretsa madzi, ali ndi pectin amene amakhuthalitsa madzi osaundana aja kuti asamayendeyende, ndipo kuwawasa kwake kumalimbitsako mkaka. Ku fakitale ntchito imeneyi amaigwira ndi guar gum kapena locust bean gum, ife supuni ya kasitadi pauda kapena ufa wa malambe zimatithandizako.

Tsopano tinene kuti mwapanga ndipo watuluka wosalala. Chatsala ndi kukwera ndi kutsika kwa kuzizira, ndipo kuno kwathu vuto limeneli tonse timalidziwa. Magetsi akazima sipafunika kuti firiza isungunuke yonse kuti ayisikilimu aonongeke. Ikangokwera kuchoka pa -18 kufika pa -10 ayisi wina wasungunuka kale mkatimo ngakhale pamwamba akuoneka wolimba, ndipo timiyala toyamba kutha ndi tating'onoting'ono tija tomwe tinavutikira. Magetsi akayaka madziwo aundananso, koma paja tatsopano sitibadwa, nde amakamatira pa tikulutikulu totsala. Zikachitika kangapo ayisikilimu amene anali wosalala Lolemba pofika Loweruka ndi wa khwechekhweche, pena mpaka wafota nkusiya mpata m'mbali mwa kontena. Zomwezi zimachitika pang'onopang'ono mukamuika pa chitseko cha firiza pomwe pamalowa mphepo yotentha nthawi zonse, komanso mu mafiriji a frost free omwe amadzitenthetsa okha pakapita kanthawi kuti asungunule ayisi wa pa mapaipi. Dipu firiza yotsegulira pamwamba ndi yabwino pa izi chifukwa mpweya wozizira ndi wolemera, ukatsegula umakhalabe pansi, sutayikira kunja ngati mmene umachitira pa firiji yoimirira.

Firiza yodzaza imasunga kuzizira nthawi yaitali kuposa yopanda kanthu, choncho mipata idzazeni ndi mabotolo a madzi. Koma apa pali kanzeru kena. Botolo la madzi wamba limayamba kusungunuka pa zero, nyama limaiteteza ndithu koma kwa ayisikilimu zero ndi kotentha kale. Mabotolo ena athireni mchere, magalamu 100 mpaka 150 pa lita, osadzaza mpaka kukamwa chifukwa ayisi amatupa, muwalembe kuti wina asamwe, ndipo muwazungulize makontena anu. Amenewa amayamba kusungunuka kukadali kozizira kwambiri pansi pa zero, nde amamwa kutentha komwe kukulowako ayisikilimu asanafewe. Magetsi akazima osatsegula, mutha kufundika bulangete pamwamba pa dipu firiza nkulichotsa akangoyaka.

Ngati wasungunuka mpaka kukhala madzi ndipo wakhala choncho kwa maola, mutayeni. Zimawawa chifukwa kirimu ndi wodula, koma ndi mkaka ndi mazira zimenezo. Kuundana sikupha majeremusi, kumangowagoneka. Majeremusi otchedwa Listeria amapirira mu firiza ndipo amatha kuswana olo mu firiji ya 4°C, ku America mu 2015 anthu atatu anamwalira ndi matenda omwe atawalondola anapeza kuti achokera ku ayisikilimu wa ku fakitale. Amene ali pachiopsezo kwambiri ndi amayi oyembekezera, makanda ndi agogo athu. Mkaka wa kukhola uwiritseni kaye, mazira apse.

Nthawi yodya ikakwana musamutulutse nkumuika patebulo, m'mbali musungunuka pakati pakadali gwa, ndipo mukabwezera wotsalayo mwadzizimitsira nokha magetsi. Musamutsireni mu firiji ya pansi mphindi 15 kapena 20 kuti yense ayandikire -12 limodzi. Ubwino wa timakontena ting'onoting'ono uli pamenepa, mumangotulutsa kamodzi komwe mudye enawo osakhudzidwa. Kuzizira kumachititsanso lilime dzanzi moti silimva bwino kutsekemera, nchifukwa chake zosakaniza zikadali madzi ziyenera kumveka ngati shuga wachulukako pang'ono, zikaundana zimakhala ndendende. Pamwamba pa ayisikilimu matizani kapepala ka pulasitiki kakhudze ndithu musanavindikire, kamaletsa kuti pamwamba pasaume nkumera ayisi, komanso mafuta a mkaka amakoka fungo msanga, mukamusiya pafupi ndi chambo kapena usipa mudzamva nsomba mu vanila. Wa pakhomo alibe mankhwala olimbitsa a ku fakitale aja, ndiye pangani wochepa woti athe pa sabata imodzi.